Golide wake uti? Zovala za ukwati wa mng'ono wanga zatiimitsa mitu

Nachisale265:

Abale ndithandizeni, mutu wanga waima. Mng'ono wanga akumanga banja mu Okutobala muno nde pa komiti anandiika ine kuti ndiziona za zovala ndi zokongoletsa, ati poti ndine wamkulu komanso ndili ndi diso. Mwini wake anasankha mitundu iwiri, golide ndi woyera. Pa gulu lathu la WhatsApp tonse tinavomera, aliyense kutumiza timitima, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti golide wake uti. Loweruka lapitali tinakumana kwa amayi ku Chilobwe kuti aliyense abweretse chimene wagula tione, titayala nsaluzo pa mkeka ine ndinangoti kakasi.

Atsikana operekeza alipo 6. Awiri anagula satini ku Limbe wonyezimira ngati kapepala kokutira switi. Wina anatumiziridwa nsalu ndi chibwenzi chake cha ku Joni, yokongola ndithu koma ili ngati mkati mwa dzungu. Awiri ena ali ndi mtundu uja amati mustard, wosawala olo pang'ono. Womaliza ndiye wandimaliza, wabwera ndi chikasu chija cha jekete ya apolisi apamsewu ndipo wasoketsa kale, akuti mu shopu anamuuza kuti ameneyo ndiye golide wa masiku ano. Kumbali ya azimayi, azakhali anagula kale zitenje 20 osafunsa munthu, iwo akuti ndi golide koma kwa ine ndi mtundu wa tiyi wochepa mkaka. Ndipo azakhali athuwa suwauza kanthu, ukangoyamba amati ife tinayamba kuvala zitenje inu musanabadwe.

Ndiye mayi wokongoletsa holo wandiimbira dzulo akuti mundiuze msanga, mukufuna champagne, yellow gold, rose gold kapena antique, ine kungoti ndikuimbiraninso. Agogo nawo akufuna kudziwa kuti avale chani, ndawauza kuti champagne andiyang'ana ngati ndawatukwana.

Funso langa ndi lakuti kodi golide ndi chikasu ndi chinthu chimodzi kapena ayi? Nanga mu Chichewa muli mawu osiyanitsira mitundu imeneyi kuti ndizitha kufotokozera akuluakulu osatchula zachizunguzi? Komanso amene munadutsamo, pali njira yokonzera zimenezi popanda kuuza anthu kuti akagulenso? Ndalama zavuta, ena mwa atsikanawa ndi apasukulu.

MayiTelala_LL:

Pepani achemwali koma ndaseka kaye kkkk, chifukwa nkhani imeneyi imandifika pa makina panga pafupifupi mwezi uliwonse. Ndasoka zaka 17 ndipo mitundu iwiri imene imayambanitsa anthu pa ukwati ndi golide ndi pichesi, inayo siivuta kwambiri.

Chimene muyenera kumvetsa choyamba, golide si mtundu wokha ayi, ndi mtundu kuphatikiza kunyezimira. Mukachotsa kunyezimirako chotsala ndi chikasu chodera basi, chija atsikana anu awiri agula. Tengani utoto umodzi womwewo, munyike nsalu ya thonje ndi satini, thonje lituluka mustard satini atuluka golide. Chifukwa chake ndi kalukidwe, pa satini ulusi umodzi umadumpha pamwamba pa ulusi 4 kapena kuposa usanalowe pansi nde pamwamba pamakhala posalala, kuwala kukagunda kumabwerera konse kumaso kwanu. Thonje la chitenje limalukidwa kulowa kutuluka kulowa kutuluka, kuwala kumangomwazika. Ndiye azakhali anuwo sakunama kwenikweni, chitenje sichingawale ngati satini ngakhale atachigula kuti, pokhapokha chikhale chija chopakidwa zonyezimira pamwamba, ndipo chimenecho mukachichapa kawiri katatu zonyezimirazo zimayoyoka, mukasita ndi ayironi yotentha zimamatirira ku ayironi.

Chachiwiri, osagula nsalu poona chithunzi cha pa foni. Foni iliyonse imadzikonzera yokha mitundu, chithunzi chomwecho pa Tecno chioneka china pa iPhone china. Ndipo osakhulupirira magetsi a mu shopu. Mababu oyera aja amapangitsa golide kuoneka wotuwa mopita kobiriwira, mababu achikasu amamufiiritsa. Ine kasitomala ndimamuuza kuti pempha wogulitsayo mutuluke nayo nsalu pakhomo uione padzuwa, akakana usagule. Ndinaphunzira movutika, chaka china ndinagula mamita 12 m'mawa, atandichepera ndinabwerera shopu yomweyo madzulo kukatenga ena 4, dzina lomwelo mtengo womwewo koma mpukutu wina. Mu shopu zimaoneka zofanana. Tsiku la ukwati pa zithunzi za panja madiresi awiri anaoneka ngati achita kubwerekedwa kwina, mkwatibwi sanandilankhulenso mpaka lero. Mipukutu siinyikidwa yonse pamodzi ku fakitale, nde nthawi zambiri sizimafanana ndendende.

Tsono pa vuto lanuli, musalimbane ndi kufananitsa, simungathe. Choipa kwambiri pa zithunzi ndi mitundu yongotsala pang'ono kufanana, imaoneka ngati mwalakwitsa. Ikasiyana moonekeratu anthu amaganiza kuti munachita dala. Ndiye aimikeni atsikanawo motsatana kuyambira wowala kupita wodera, a satini kutsogolo, a mustard pakati, wa dzungu kumapeto, kenako mugule mpukutu umodzi wokha wa nsalu imodzi musokere onse malamba ndi maduku ofanana. Anyamata matayi kapena timipango ta m'thumba tichoke pa mpukutu womwewo, ndipo mayi wa holoyo mumupatse kachidutswa m'manja, osati dzina pa foni. Wa jekete ya apolisiyo yekha ndiye palibe kuchitira mwina, chikasu chimenecho chili ndi kubiriwira mkati, sichigwirizana ndi china chilichonse pamenepo. Musonkherane mumugulire ina.

Che_Jafali_Mangochi:

Ine zosoka sindidziwa koma chenjerani ndi chikasu chowala chija, mungadzaone anthu akufika pa holo akuimba nyimbo za chipani kuyesa msonkhano wa UDF kkkkk. Kwathu kuno kuyambira 1994 nthawi ya a Muluzi munthu ukavala yelo kuyambira kumutu mpaka kumapazi sufunsidwanso kuti uli mbali iti. Mukapendekera ku olenji akuti ndinu a PP. Golide wodera uja ndiye alibe mwini, gwirani ameneyo.

Mukafuna chikasu chosalowa ndale bwerani kunyanja muone nsomba za mbuna. Kuli ina azungu amaitcha auratus, dzinalo akuti likutanthauza golide, yaikazi ndi tiana timakhala tachikasu ndi mizere yakuda koma yaimuna ikakula imada. Ngati amuna ena akakwatira.

MphunzitsiWopuma:

Mwana wanga Nachisale, funso lako lachiwiri landikoka, ndilole nditalikitseko pang'ono poti ife opuma ntchito nthawi tili nayo.

Chikasu poyamba si dzina la mtundu, ndi dzina la chomera. Chimamera ngati jinja, masamba otambalala, ndipo ukakumba pansi umapeza timizu tonga zala, ukathyola mkati mwake muli mtundu umene tikukanganawu. Ndi chomwe chija amwenye amapera n'kuika mu kale, pa paketi amalemba turmeric. Ndiye tikamati nsalu yachikasu tikunena kuti nsalu ya mtundu wa muzu umenewo, monga momwe timanenera kuti chovala cha mtambo. Taona kuti mitundu ina ili ndi aneni akeake, kufiira, kuyera, kuda, kubiriwira, ndipo timatha kunena kuti kufiira psuu, kuyera mbee, kuda bii, kubiriwira biriwiri. Chikasu chilibe zimenezo, tinachita kubwereka ku chomera. Makolo athu zinthu zambiri zimene lero tikuti zachikasu ankangoziika ku kufiira. Mango akapsa mayi anga ankati afiira, nthochi chimodzimodzi, ngakhale tonse tikuona kuti nthochi yakupsa siifanana ndi magazi. Golide ndiye ndi mawu obwera, ambiri tinawamva koyamba m'Baibulo ndi kwa amene ankachokera ku migodi ya ku Joni pa Wenela.

Ndiye usavutike kusaka mawu amodzi a champagne, kulibe. Koma usaganize kuti agogo ako sadziwa kusiyanitsa, amadziwa kuposa iwe, kungoti amatchula chinthu. Uwafunse kuti agogo, mukufuna ngati maluwa a mpiru, ngati mpendadzuwa, kapena ngati uchi? Uona akuyankha pompo. Maluwa a mpiru ndi chikasu chopepuka, choyera. Keshya akachita maluwa m'misewu ndi chikasu chokhwimirapo. Deliya uja amadzaza m'mbali mwa msewu mvula ikamatha amapendekera ku olenji. Yolk ya dzira, ife timati chikasu cha dzira, palinso ziwiri, la nkhuku yachikuda limakhala lodera chifukwa imadya masamba ndi tizilombo pabwalo, la nkhuku za m'khola nthawi zambiri limatuwa. Champagne wakoyo ndi udzu wa mu Julayi, tsekera atauma asanatenthedwe, dzuwa la madzulo likamamuwomba cham'mbali. Antique ndi uchi wa m'nkhalango wodera uja. Rose gold uwauze kuti ngati mkuwa wopukuta kumene. Ukatero palibe gogo amene angasokonezeke.

Ndikuchenjeze chinthu chimodzi, pasapezeke wina wanzeru zake wonena kuti tiyeni tinyike nsalu zonse mu chikasu kuti zifanane. Ndili mwana ku Ntcheu tinkachita zimenezi, kusinja muzu n'kuwiritsa n'kunyikamo kansalu koyera, kamatuluka kokongola zedi tsiku loyamba. Koma ukangokachapa ndi sopo kamasanduka kofiira ngati njerwa, ukathira madzi a mandimu n'kubwereranso chikasu. Ndili mphunzitsi ndinkaonetsa ana zimenezi m'kalasi ya sayansi popeza tinalibe zipangizo, chikasu chimafiira chikakumana ndi sopo, soda kapena madzi a phulusa. Ndipo padzuwa chimasuluka msanga, masabata ochepa chatha. Komanso satini wa masiku anoyu ndi pulasitiki, utoto wa zomera sulowa.

Anthu a maiko ena anavutika nazonso zomwezi. Amonke achibuda a m'nkhalango za ku Thailand amanyika mikanjo yawo m'madzi owiritsa mtima wa mtengo wa jackfruit, n'chifukwa chake mikanjo yawo imakhala yodera ngati uchi pomwe ya anzawo a m'tauni imakhala olenji wowala. Ku China kale chikasu china chinali cha mfumu yokha, madenga a nyumba yachifumu ku Beijing mpaka lero ndi a matailosi achikasu. Kuno kwathu mawu omwewo timatchulira matenda, mwana akabadwa maso ndi khungu zili zachikasu timathamanga naye kuchipatala. Ndiye kwa agogo usakanene kuti tonse tidzakhala achikasu, angadzidzimuke.

WakuJoni_011:

Sisi, ine ndiyankhako mbali ya golide weniweni ndi ya makadi chifukwa ndagwirako ntchito zonse ziwiri kuno ku Johannesburg, poyamba ndinkapukuta mphete kwa m'mwenye wina wosula zodzikongoletsera pano ndili kosindikiza.

Ngakhale golide weniweniyo alibe mtundu umodzi. Wosasakaniza ndi 24 carat, ndi wachikasu chakuya mopita ku olenji, anthu ambiri akamuona koyamba amati ndi feki chifukwa anazolowera wotuwa. Koma ndi wofewa, mphete yake imapindika, nde amasakaniza ndi siliva ndi kopa. Yang'anani mkati mwa mphete muona nambala. 916 ndiye 22 carat amene amwenye amakonda, wachikasu kwambiri. 750 ndi 18 carat, magawo 75 pa 100 ndi golide. 585 ndi 14 carat. 375 ndi 9 carat amene ambiri timagula kuno poti ndi wotchipa, golide wake safika ndi theka lomwe ndipo ndi wotuwa. Rose gold ndi golide yemweyo atachulutsa kopa, white gold amasakaniza ndi zitsulo zoyera monga palladium kenako kukutira rhodium pamwamba. Nde mayi wa holoyo akamati yellow gold kapena rose gold mayinawo anachokera kumeneko. Muuzenso mkwati asamale ndi mphete za pamsewu, zambiri ndi brass, kopa wosakaniza ndi zinki, tsiku loyamba imawala kuposa golide weniweni koma pakatha sabata chala chabiriwira. Golide sachita dzimbiri ndipo sakoka maginito, ngakhale brass nayenso sakoka nde maginito okha asakunamizeni. Ndinapitako ku Pretoria kukaona kachipembere kagolide ka ku Mapungubwe, kakang'ono kokwana m'manja, anakapanga ndi timapepala ta golide zaka pafupifupi 800 zapitazo, kanakhala m'manda zaka zonsezo koma mtundu uli chikhalire.

Kuti mumvetse kusiyana kwa golide ndi yelo funsani aliyense woonera mpira wa kuno. Kaizer Chiefs amati amavala golide ndi wakuda, Mamelodi Sundowns amavala yelo ngati Brazil. Muike majezi awiriwo pamodzi, ya Chiefs ikupita ku olenji ya Sundowns ikupita ku ndimu. Sapota wa Chiefs ukamuuza kuti mwavala yelo mukangana mpaka taxi ifike pa renki ya Bree.

Za makadi tsono, apa ndi pomwe anthu amalira. Pa kompyuta golide ali ndi nambala, FFD700 ndi wowala uja, D4AF37 ndi wodera amene ambiri amakonda pa makadi aukwati. Pa sikirini amaoneka bwino chifukwa sikirini imawala yokha ndipo wojambulayo amaikamo mithunzi kuti aoneke ngati chitsulo. Koma printer wamba ali ndi inki 4 zokha, yabuluu, yapinki, yachikasu ndi yakuda, palibe yonyezimira. Chotuluka pa pepala ndi chikasu chodetsedwa ngati mpiru wotsira kkk. Mukafuna awale ndithu funsani ngati ali ndi foil, amachita kudinda ndi kutentha, kapena mugule pepala lomwe ndi lagolide kale musindikizepo zilembo zakuda, njira yachiwiriyi ndiyo yotchipa. Ndipo musalole asindikize makadi 200 musanaone imodzi m'manja.

Mlimi_waKasungu:

Mayi, nkhani za ukwati ndi za azimayi koma pa chikasu pokha ndiloleni ndilankhule, ife a fodya wa fuluu timadya mtundu umenewu. Chaka chonse cha ntchito chimathera pa funso lomwe mwafunsali, kuti chikasu chake chiti.

Tsamba timathyola likayamba kupsa, kubiriwira kukuchoka. Tikalowetsa mu balani masiku awiri oyamba moto umakhala wochepa, kutentha kosafika madigiri 40, mawindo otseka kuti chinyontho chisathawe, tsamba lizisanduka lachikasu pang'onopang'ono. Ukafulumira kukweza moto kubiriwira kumaumira momwemo, fodya ameneyo ogula samufuna. Ukachedwa amapitirira n'kuda ngati fodya wa bale. Pali nthawi yake yeniyeni imene umayenera kutsegula ndi kuwonjezera nkhuni kuti mtundu uime pomwepo, kenako kumakwezabe mpaka cha m'ma 70 kuti mtsitsi wa pakati uume. Sabata yathunthu osagona bwino, usiku kumadzuka kukasuzumira ndi tochi. Bale alibe zimenezi, amangouma yekha m'chigafa n'kukhala wa khofi.

Posankha timagawa patatu, lemoni, olenji ndi mahogane, ndipo mkati mwa gulu lililonse mulinso magiredi. Kwa munthu wachilendo onse ndi achikasu basi. Chaka changa choyamba ndinasankha madzulo ndi nyali chifukwa chothamangira galimoto, ndinaika lemoni ndi olenji belo limodzi osadziwa, ku okushoni linabwezedwa ati losakaniza, ndinalipira thiransipoti kawiri. Kuyambira pamenepo ndimasankha m'mawa pamthunzi pamene kuwala kukulowa bwino koma dzuwa osagunda tsamba, ndipo ndimapachika tsamba limodzi la giredi iliyonse pakhoma kuti aganyu azifanizira. Diso limatopa, ukayang'ana chikasu maola awiri zonse zimayamba kuoneka chimodzimodzi. Nde zimene anena a telala za kachidutswa ndi zoona, ine ndingowonjezera kuti pokasankha musapite anthu 10 ndipo musazungulire mashopu tsiku lonse, pofika shopu yachisanu maso adzakhala atafa.

Nachisale265:

Zikomo nonse, sindimayembekeza kuti ndiphunzira mpaka za balani kkkk. Che Jafali mwandiseketsa koma mwanena zoona, amalume athu ena ndi a ndale kwambiri akanadzatifunsa.

Aphunzitsi, ndayesa njira yanu dzulo ndipo yagwira koma yatulutsa nkhani ina. Nditangotchula chikasu agogo anakwinya nkhope ati ine mtundu wa chimanga cha njala sindivala. Kufunsa amayi akuti nthawi ya chilala cha 1992 ankalandira chimanga chachikasu chochokera kunja, nsima yake agogo ankadya akulira ati ikununkha ndipo kwawoko amadyetsa ziweto, mpaka lero chilichonse chachikasu amachiona ngati umphawi. Nde ndinatenga botolo la uchi limene amasunga kuchipinda n'kuliika pawindo dzuwa likulowa, ndikuti nanga uwu? Ati aaa umenewo ndiye mtundu wa anthu. Basi agogo athana nawo, tikutsata uchi.

NamwinoWaKuDedza:

Agogo anuwo sali okha achemwali, ife timakumana nazo kumudzi tikamaphunzitsa za zakudya. Chimanga cha olenji chili ndi zomwe thupi limasandutsa vitamini A, choyera chilibe, koma akuluakulu ambiri akangoona mtundu amakumbuka 1992. Chonsecho kuno ku Dedza kuli chimanga chamakolo cha olenji chotchedwa mthikinya chomwe anthu ankalima kale chithandizo chisanabwere. Mbatata ya olenji mkati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere yokha ndiye inalowa mosavuta chifukwa ana amaikonda kutsekemera. Chimene chimapatsa mtundu dzungu, papaya, mango, karoti ndi mbatata imeneyi ndi gulu limodzi la zinthu, ndipo mwana akadya kwambiri zikhatho zimatha kuoneka zachikasu koma maso amakhala oyera, pamene matenda a chikasu amayambira m'maso. Ndangodutsa, pitirizani za ukwati. Pa phwando mudzaikeko futali wa mbatata ya olenji agwirizane ndi deko kkk.

Nachisale265:

Kkkk a nesi futali pa ukwati wa m'tauni azakhali angakomoke. Lero m'mawa ndapita ku Limbe ndi mng'ono wanga awiriwiri, uchi tinathira m'kabotolo kakang'ono ndili nako m'chikwama. Shopu yoyamba anakana kuti titulutse nsalu panja ati mugule kaye, tinangotuluka. Yachiwiri mnyamata wake anatinyamulira mipukutu itatu mpaka pakhonde, ndipo zoona a telala, umene mkati umaoneka bwino kwambiri panja unali wobiriwirira ngati ndimu yosapsa. Tasankha wachiwiri, ndadula kachidutswa ndapereka kale kwa mayi wa holo, wauyang'ana akuti ooo mumanena antique, ine ndikuti kaya dzina lake koma ndi umenewu. Chitenje cha azakhali tachiika pambali pake sichikuipa ayi, sindinawauze kuti ndinkachinena. Mtsikana wa jekete ya apolisi wakwiya watuluka pa gulu, mng'ono wanga akuti amuimbira usiku. Mnyamata wa mu shopu walonjeza kundisungira mpukutuwo mpaka Lachisanu. A telala, malamba 6, maduku 6 ndi matayi 6 ndigule mamita angati?

MayiTelala_LL:

Ngati ndi satini wotambalala masentimita 150, duku lililonse mita imodzi, malamba onse mamita awiri, matayi amadulidwa mopingasa nde amadya nsalu, ikani mita ndi theka. Gulani 10, ndipo ngati mtsikana wokwiyayo abwerere muonjezere 3 a diresi yake pa mpukutu womwewo. Osadikira Lachisanu achemwali, nyengo ino ya maukwati wina akabwera ndi ndalama m'manja mnyamatayo sadzakukumbukani, pitani mawa.